Kabakha kakang'ono koma dzira ngati la tsekwe, zimatheka bwanji?

Wa_ku_Kachulu
Akuluakulu, ndithandizeni mkangano uwu usanatidanitse ndi alamu anga. Dzulo mnyamata wanga popita kukawonjola mono wapeza chisa m'njedza, pamwamba pa madzi penipeni, muli mazira 6. Akuti mwini wake atamva bwato sanauluke ayi, anangolowa pansi pa madzi n'kukatulukira kutali uko. Kabakha kake akuti n'kakang'ono, kosafika ngakhale theka la bakha wapakhomo. Koma dzira limodzi lomwe wabwera nalo ndi chidzira, lofiirira, losalala. Ndaliika pa sikelo ya mayi akunyumba yoyezera ufa wa mandasi, lakwana magalamu 83. La nkhuku yathu yachikuda lakwana 42. Alamu akuti mwanayu akunama, limeneli ndi la tsekwe. Ine ndikuti tsekwe sabira m'madzi chonchija. Ndani akunena zoona? Komanso dzira likakula chonchi ndiye kuti chakudya chachulukamo, kapena ndi madzi chabe?

Chidzukulu99
Funso loyamba likhale lakuti dziralo likadalipo? Chifukwa alamu oterewa timawadziwa kkkk

Mlonda_wa_Dambo
Bambo a ku Kachulu, mwana wanu sakunama. Dzira la tsekwe ndi loyera ndipo limaposa pamenepo. Zomwe mwafotokozazi zikufanana ndi kabakha kamene m'mabuku amakatcha white-backed duck. Mufunseni mnyamatayo ngati kali ndi kadontho koyera patsinde pa mlomo, thupi la mawangamawanga ofiirira, ndipo kakamasambira kamakhala ngati katitimira, msana wokha kuoneka pang'ono. Ngati ndi choncho, ndi komweko. Kamalemera magalamu 600 mpaka 800 basi, koma dzira lake limafika 80 kapena kuposerapo, ndipo ndi lofiirira, zomwe sizichitikachitika pakati pa abakha. Kakaopsezedwa kamakonda kubira kusiyana n'kuuluka, ndipo kamatha kukhala pansi pa madzi pafupifupi theka la mphindi.

Wa_ku_Kachulu
Ndamufunsa. Kadontho koyera akuti kalipo. Alamu angoti zii.

Chidzukulu99
Abakha obira? Akubira ndani, a Mlonda? Tiwauze apolisi?

Mlonda_wa_Dambo
Kubira kwa m'madzi, iwe mwana. Koma usaseke msanga, alipo abakha ena obira zenizeni, adikire a ku Canada adzuke akuuze.

Aphunzitsi_a_Bio
Ndiyankheko funso lachiwirilo, chifukwa ndi lomwe lili ndi nyama. Dzira lili ndi zigawo zitatu: chigoba, choyera chija, ndi chachikasu. Choyera n'chamadzi kwambiri, pa magawo 100 aliwonse pafupifupi 88 ndi madzi, otsalawo ndi mapuloteni, mafuta mulibe. Mafuta onse ali mu chachikasu. Ndiye mukafuna kudziwa mphamvu ya dzira musayang'ane kukula kokha, yang'anani kuti chachikasucho chatenga malo ochuluka bwanji.

Tsono taonani nkhunda. Mwana wake amaswa ali wosaona, wopanda nthenga, wongoyasamula kukamwa kudikira makolo amulavulire chakudya. Dzira la mbalame zotere chachikasu chake n'chochepa, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu. La nkhuku chimayandikira gawo limodzi mwa atatu, n'chifukwa chake mwanapiye amaswa lero mawa ali pambuyo pa make kujompha. La abakha akutchire chimafika magawo 40 pa 100, ena kupitirira. Pakati pa zapamwamba kwambiri pali mbalame yotchedwa kiwi ya ku New Zealand, yomwe chachikasu chimaposa magawo 60.

Kamwana ka bakha wobira kali ndi ntchito yoposa ya mwanapiye. Palibe amakadyetsa. Kamalowa m'madzi katangouma nthenga, ndipo chakudya chake chili pansi, kayenera kuphunzira kubira. Madzi amachotsa kutentha m'thupi mofulumira kuposa mpweya maulendo oposa 20. Kamwana kakakhala kakang'ono kamazizidwa msanga. Ndiye make amakapangiratu kamba wa paulendo m'dziramo. Dzira lija si lalikulu chifukwa cha ife odya, ndi lalikulu chifukwa cha amene ali m'katimo.

MayiWaAbakha_Lunzu
Aphunzitsi, zakamba wa paulendozo ndavomera. Ndi zomwe zimachitika ndi anapiye a tsiku limodzi omwe timagula aja, amayenda m'katoni tsiku lathunthu osadya osafa, chifukwa chachikasu chotsala chimalowa m'mimba asanaswe. Koma pa kukula kwa dzira ine ndili ndi maganizo anga. Ndaweta abakha zaka zambiri. Dzira limakula ndi chakudya, basi. Ndikawapatsa madeya okhaokha mazira amachepa, ndikasakaniza ndi soya ndi fumbi la usipa amakula. Kabakha ka ku Chilwako kakudya bwino, nkhani yatha.

Aphunzitsi_a_Bio
Mayi, mukam'dyetsa usipa thumba lonse nkhuku yachikuda idzaikira dzira la magalamu 83?

MayiWaAbakha_Lunzu
Musandipotoze pakamwa aphunzitsi. Ndikunena za abakha.

Wa_ku_Winnipeg
Mwadzuka bwanji nonse, kuno kukungocha kumene. Ndawerenga zonse. Kuno ku Manitoba nkhani ya mazira a abakha ndi nkhani yaikulu, chifukwa dera la kumadzulo kuno lili ndi timaiwe tambirimbiri tomwe tinatsala madzi oundana akalekale atasungunuka, ndipo abakha ochuluka a ku North America amaswera m'menemo. Ofufuza akhala akuyeza mazira kudera la Minnedosa kwa zaka makumi angapo.

Mayi a ku Lunzu akunena zoona mbali imodzi. Bakha woweta mukam'mana mapuloteni dzira limachepadi. Koma chomwe chimaoneka kwa abakha akutchire n'chakuti kukula kwa dzira kumatsata kwambiri mwini dzirayo. Thadzi loikira mazira aakulu chaka chino limaikiranso aakulu chaka chamawa, loikira ang'onoang'ono chimodzimodzi. Kusiyana kwakukulu kuli pakati pa thadzi ili ndi thadzi ilo, osati pakati pa chaka cha mvula ndi chaka cha chilala. Chakudya chikavuta, bakha kawirikawiri amachedwa kuyamba kuikira, kapena amaikira ochepa, kapena chaka chimenecho amangochisiya osaikira n'komwe. Sakonda kuchepetsa dziralo. Mukaganiza bwino n'zomveka: tiana 9 tofooka tomwe tife ndi kuzizira sabata yoyamba n'kutaya mphamvu, bola 6 tolimba.

Kuno katswiri wa nkhaniyi ndi ruddy duck. Thadzi lake limalemera pafupifupi theka la kilo, dzira lake magalamu 70 ndi kanthu. Limaikira limodzi patsiku, ndipo likafika 7 kapena 8, mazira onse pamodzi amalemera ngati mwini wakeyo. Yerekezani ndi mallard, kholo la abakha ambiri oweta, amene sabira koma amangozondoka mchira m'mwamba: thadzi limaposa kilo imodzi koma dzira lake ndi la magalamu 50 ndi kanthu. Bakha wamkulu kawiri, dzira laling'ono. Tiana ta ruddy timabira tsiku loyamba lomwelo, ndipo make sachedwa kutisiya tokha.

Chidzukulu99
Achimwene a ku Winnipeg, a Mlonda anati muli ndi abakha akuba.

Wa_ku_Winnipeg
Kkkk alipo, dzina lake redhead. Thadzi limapita pachisa cha bakha wina, makamaka canvasback, n'kum'kankha mwini chisa ali pomwepo, n'kuikiramo dzira lake, ulendo. Nthawi zina pokankhanapo mazira a mwini chisa amagubudukira m'madzi. Ku South America kuli wina woposa pamenepo, black-headed duck, amene samanga chisa n'kamodzi komwe moyo wake wonse. Kamwana kake kakaswa pachisa cha eni, pakangopita tsiku limodzi kapena awiri kamanyamuka kokha, popanda woti n'kukalera. Kamba yense anali m'dzira.

GogoWaNsanje
Zimenezo si zachilendo ana inu. Ife timachita tokha. Mazira a nkhanga timaikira nkhuku, a bakha timaikira nkhuku. Vuto la bakha wapakhomo ndi loti amatenga masiku 35, pomwe nkhuku inazolowera 21, ndiye ina imatopa n'kuchokapo. Yopirira ikaswa, tsiku lomwe tianato tiona chithaphwi mudzaimvera chisoni, ikungozungulira m'mphepete kulira, ana ake ali phee pamadzi.

Koma ndimafuna ndifunse a Mlonda. Kabakha kofiirira mukunenako kuno ku Elephant Marsh timakaona pomwe pali maluwa a nyika. Kamadya nyika?

Mlonda_wa_Dambo
Agogo mwaona bwino. Kamakonda kwambiri njere za maluwa amenewo, ndipo kamadya makamaka usiku. Pomwe palibe zomera zoyandama simukapeza kawirikawiri. China chodabwitsa n'chakuti tambala wake ndi thadzi amafanana, ndipo onse awiri amakhalira mazira mosinthana, pafupifupi mwezi wathunthu. Pa khalidwe limeneli kali pachibale kwambiri ndi abakha oimba mluzu otchedwa whistling ducks kusiyana ndi abakha obira a ku Canada. Kubira anangofanana ntchito, si fuko limodzi. Wa fuko la redhead amene timamuona kuno ndi southern pochard, wakuda, tambala wake wa maso ofiira, ndipo mazira ake ndi otuwa, ang'ono poyerekeza ndi lomwe lili ku Kachululi.

NaPhiri_Leeds
Ruddy duck mwam'tchulayo kuno ku UK ali ndi mbiri yomvetsa chisoni. Anabwera naye kuchokera ku America m'ma 1940 kudzam'sunga ku Slimbridge, malo osungira mbalame za m'madzi, ena n'kuthawa, n'kuswana kutchire mpaka kufika pafupifupi 6,000 cha m'ma 2000. Kenako anayamba kuulukira ku Spain n'kumakwerana ndi white-headed duck, bakha wosowa kale, mpaka mtunduwo unali pangozi yosungunuka. Boma linalamula kuti aphedwe, ndipo lero atsala owerengeka. Ine amene ndimamuona pa dziwe la ku paki pafupi ndi kwathu ndi tufted duck, wakuda ndi woyera, wa katsumba kumutu. Amabira tsiku lonse. Koma dzira musayerekeze kutola, lamulo la 1981 limaletsa kutenga mazira a mbalame zakutchire. Mwana wa a ku Kachulu akanakhala kuno bwenzi tikusonkha ya loya.

Wa_ku_Kachulu
Achemwali, kuno loya wake ndi njala. Nyanja itauma 2018 anthu anapulumukira mbalame zomwezi.

Mlonda_wa_Dambo
Apo ndiye pali vuto lenileni bambo. Chilwa inauma 1968, inaumanso 1995, ndi 2018 mukunenayo. Nsomba zikasowa aliyense amatembenukira ku mbalame, pomwe mbalamezo nazonso zili pamavuto. Ndi nyanja yoyamba m'Malawi kulowa m'ndandanda wa Ramsar wa madambo ofunika pa dziko lonse lapansi, mu 1997, chifukwa cha mbalame zomwezi. Sindikuweruza munthu wanjala. Koma bakha woikira dzira lalikulu chonchi sangabwezeretse msanga ngati nkhuku. Mukam'landa chisa chonse mwam'landa zomwe anasonkhanitsa milungu yambiri.

Nyakwawa_Mbewe
Inu a Mlonda mumalankhula ngati mbalamezi ndi ana anu. Makolo athu akhala akutola mazira kuyambira kalekale, mbalame zinatha?

Mlonda_wa_Dambo
Makolo anali angati, ife tili angati?

Wa_ku_Winnipeg
A Nyakwawa ndi a Mlonda, mverani iyi mwina ikuyanjanitsani. Ku Iceland kuli nyanja yotchedwa Mývatn, yodziwika ndi abakha obira amitundumitundu. Alimi a m'mphepete mwake akhala akutola mazira kwa zaka mazanamazana, koma ali ndi mwambo: sakokolola chisa, amasiyamo mazira anayi kapena asanu, ndipo abakha akuluakulu sawapha. Abakha alipobe mpaka lero. Dzina la nyanjayo limatanthauza nyanja ya tizilombo touluka, tofanana ndi nkhungu za ku Nkhata Bay zija. Mphutsi zake zimakhala m'matope pansi pa madzi, ndipo ndi zomwe abakha amabirira. Chaka chomwe tizilomboti tachepa, tiana ta abakha timafa tambiri.

Mtonga_Weniweni
Nkhungu mwazitchula mwandikumbutsa kwathu. Abakha a ku Iceland amadziwa ndiwo.

MayiWaAbakha_Lunzu
Ine ndibwerere pa mfundo yanga, sindinagonje. A ku Winnipeg mwanena nokha kuti tizilombo tikachepa zinthu zimavuta. Ndiye chakudya chomwecho! Komanso abakha anga ongoyamba kumene kuikira mazira awo amakhala ang'onoang'ono, akakula amakulanso. Mukuti thadzi silisintha bwanji?

Wa_ku_Winnipeg
Mayi, pa msinkhu mwandigwira, ngakhale kutchire oyamba kumene amaikira ocheperako pang'ono. Ndipo sindinati chakudya chilibe ntchito. Funso ndi loti chakudyacho chimakaonekera pati. Pali njira ziwiri zomwe bakha amalipirira mazira. Wina amadya lero n'kuika m'dzira la mawa, ngati waganyu. Wina amayamba wasunga mafuta m'thupi, ngati munthu wa nkhokwe. Wankhokwe weniweni ndi eider, bakha wa m'nyanja zamchere zozizira. Thadzi limadya nkhono za m'nyanja mpaka kunenepa, kenako limakwera kumtunda, kuikira mazira 4 kapena 5 oposa magalamu 100 lililonse, n'kuwakhalira masiku pafupifupi 26 osadya kanthu. Pomaswa limakhala litataya gawo limodzi mwa magawo atatu a thupi lake, mwinanso kuposa. Ngati silinanenepe mokwanira, limathawa chisa pakati panjira kapena osayamba n'komwe.

Abakha obira a m'maiwe ambiri ali pakatikati: mafuta ena amachokera m'thupi, mapuloteni ambiri amachokera ku zomwe akudya masiku omwewo. Chachikasu chimatenga pafupifupi sabata kuti chikhwime m'mimba, choyera ndi chigoba zimakutidwa tsiku lomaliza. Ndiye thadzi likamaikira limodzi patsiku, m'kati muli mzere wa zachikasu zingapo zikukula nthawi imodzi, monga mumaonera mukapha nkhuku yoikira. Kuno kuli bakha wotchedwa lesser scaup amene chiwerengero chake chinatsika kwambiri kuyambira m'ma 1980. Limodzi mwa maganizo a ofufuza ndi loti tinkhanu ting'onoting'ono tomwe amadya pa ulendo wobwerera kumpoto tinachepa, ndiye mathadzi amafika koswera ali owonda. Nkhaniyo anthu amatsutsanabe.

MayiWaAbakha_Lunzu
Waganyu ndi wankhokwe, apo ndamva. Anga ndi aganyu, ndipo bwana wake ndine. Za chigoba ndiwonjezereko: abakha anga akayamba kuikira amasakasaka nkhono ngati apenga, ndipo ndikapanda kuwasinjira zigoba mazira amatuluka ofewa.

Aphunzitsi_a_Bio
Ndi kashiamu ameneyo mayi. Akutchire nawo nyengo yoikira amasiya kudalira zomera zokha n'kuyamba kufunafuna nkhono ndi tizilombo.

Bambo_a_Tadala
Pepani ndalowa mochedwa. Ine nkhani za Canada zandipitirira. Ndingofuna kudziwa, mwana wanga ndizim'patsa dzira la bakha kapena la nkhuku? Apongozi akuti la bakha limayambitsa zidzolo.

Nesi_wa_Usiku
Bambo a Tadala, onse ndi abwino. Pa magalamu 100, mapuloteni amangofanana, pafupifupi magalamu 13. Kusiyana kuli pa mafuta: la bakha pafupifupi 14, la nkhuku pakati pa 9 ndi 10, n'chifukwa chake la bakha limakhutitsa msanga. Kolesterolo wake ndi woposa kawiri, ndiye akuluakulu omwe adokotala anawachenjeza asamachite kuunjika. Chachikulu liphikeni lipse mpaka m'kati, la bakha lisamadyedwe lamadzimadzi. Alipo ana ena omwe thupi lawo limadana ndi mazira, koma zimenezo zimachitika ndi a nkhuku omwe. Mukaona zotupa kapena kubanika pitani naye kuchipatala. Ndipo nonse a kunyanja, mbalame mukaipeza yofa yokha musaitole, chimfine cha mbalame chimayenda ndi abakha akutchire omwewa.

GogoWaNsanje
Ife tikukula ankatiuza kuti mayi woyembekezera akadya dzira mwana abadwa wopanda tsitsi. Tinadzazindikira mochedwa kuti mazirawo ankathera m'mbale ya abambo.

NaPhiri_Leeds
Agogo mwaulula chinsinsi cha dziko kkkkk

Nyakwawa_Mbewe
Miyambo ina inali yoteteza kuti nkhuku ziswane, musamangonyoza.

GogoWaNsanje
Zikanaswana zikanakhala kuti abambowo sakudya, a Nyakwawa.

Admin_Wamkulu
Khotekhote ngwa njira. Tibwerere ku abakha, za apongozi ndi za abambo zikhale ndi tsiku lake.

Chidzukulu99
Funso langa ndi ili. Dzira la kutchire chachikasu chake chimakhala chofiira kwambiri kuposa la m'sitolo. Ndiye kuti lili ndi mavitamini ambiri?

Aphunzitsi_a_Bio
Mtundu umachokera ku zomwe mbalame yadya, masamba obiriwira, tinkhanu, tizilombo. Umakuuza za chakudya cha make, koma sukuuza kuchuluka kwa mapuloteni kapena mafuta. Nkhuku ya chimanga choyera imaikira lotuwa, ya chimanga chachikasu lowala, mphamvu yake n'kukhala yofanana. Fungo nalo limatsata chakudya, abakha odya nsomba mazira awo amamveka nsomba.

Koma ndikonzeko zomwe ndinanena poyamba, ndisanamizepo anthu. Si bakha aliyense wobira amene ali ndi chidzira. Scaup uja a ku Winnipeg anam'tchula dzira lake silifika magalamu 50. Odziwika ndi mazira aakulu mopitirira ndi abakha a michira yolimba, monga ruddy ndi m'bale wake wa kuno ku Africa wotchedwa maccoa, kuphatikizapo kabakha ka ku Kachuluka. Ndipo pakati pa mazira a mtundu umodzi, lalikulu limakhala ndi chachikasu chochuluka ndi choyera chochuluka, zonse zimakwera limodzi. Ndiye yankho kwa bambo aja ndi loti ayi, si madzi chabe.

Wa_ku_Winnipeg
Ndipo kamwana kotuluka m'dzira lalikulu kamakhala kolemera, kopirira kuzizira ndi njala masiku oyambawo. Pakapita milungu ingapo zimadalira dziwe lomwe kali.

Wa_ku_Kachulu
Zikomo nonse, ndaphunzira. Ndikupatseni lipoti. Chidzukulu unalosera: ndikuwerenga za Iceland, alamu anali atawiritsa kale. Ndinangopeza zigoba ndi theka lomwe anandisiyira mwaulemu. Chachikasu chinalidi chachikulu, choyera kangokhala kamphepete. Mnyamata ndamuuza kuti asanu otsalawo asawakhudze ndipo mono asunthire kwina. M'mawa uno akuti wadutsa patali, waona kamodzi kali pachisa, kanzake kakuyandama pafupi.

MayiWaAbakha_Lunzu
Nanga alamuwo avomera kuti si tsekwe?

Wa_ku_Kachulu
Akuti kakomedwe kake n'ka tsekwe.